Jivi Amene Sindinasefe

Tamanda ndi Yankho, ndapuma pantchito ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Anzanga akuti ndafulumira, ndipo sakunama. Zaka makumi awiri zimene zimafunika kuti munthu apume ndinazikwanitsa patangotha miyezi isanu mayi anu atatisiya, ndipo sindinaone chifukwa chopitirizira. Masana mukakhala kusukulu nyumba ino imangoti zii, ndiye ndagula kope loti ndilembemo za ntchito yanga yosakaniza ndi kupereka mankhwala m'zipatala za kuno kuchigwa. Za ubwana wanga mudzafunse azakhali anu. Chigawo chino ndi cha mankhwala amodzi okha, jivi, uja wapepo amene amapaka pazilonda. Yankho, iwe udzachiwerenge utakula, chifukwa chikukhudza iwe.

Chaka choyamba pantchito, kwa Lundu

Ndinafika pa kachipatala kena ka kwa Lundu mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi chikwama chimodzi ndi satifiketi ya kukoleji. Mkulu wa pamalopo anali a Bauleni, wothandiza dokotala, koma anthu onse ankangowatcha adokotala. Anali munthu wamfupi, wa thaulo paphewa nthawi zonse lopukutira thukuta. Tsiku lachiwiri anandilowetsa m'chipinda cha mankhwala, natsegula chitini cha ufa wobiriwira wonyezimira ngati mapiko a chikumbu.

"Mwana wa kukoleji, ichi n'chiyani?"

Ndinayankha ngati ndili pamayeso. Ndinati ndi jenshani vayoleti, utoto umene kale unkapangidwira kunika nsalu anthu asanazindikire kuti umapha tizilombo. Ufa wake ndi wobiriwira, koma ukakhudza madzi umasanduka wapepo. Umakakamira pakhoma la kachilombo monga umakakamirira pansalu, n'kulowa m'kati, kachilomboko n'kulephera kupuma ndi kuswana. Umagwira bwino pa mabakiteriya a zilonda za pakhungu ndi pa tizilombo ta mtundu wa yisiti timene timayeretsa m'kamwa mwa makanda, koma pa tizilombo ta m'matumbo ndi wofooka. Ndinawonjezanso kuti ndi utoto womwewo umene a kulabu amapakira tizilombo pagalasi kuti tioneke pamakina.

"Wakhoza. Tsono umasakaniza bwanji?"

"Magalamu asanu pa lita imodzi ya madzi owiritsa."

"Kenako?"

"Kenako n'kupereka kwa odwala."

"Ndiye kukoleji munkangodya nyemba basi," anatero a Bauleni. Anayeza ufawo pasikelo, nathira m'botolo, nakhutchumula nthawi yaitali, kenako analiika pansi n'kupita kukaona odwala. Atabwerako anasefa madziwo pa thonje, nandionetsa thonjelo. Panali timibulu tobiriwira timene sitinasungunuke. "Ukuona iti? Kamodzi kokha kakakhala pa lilime la khanda kamaboola ngati khala la moto. Jivi sasankha kwenikweni, mwanawe. Akachepa amapha kachilombo n'kusiya mnofu. Akachuluka amadya zonse, ndipo amayambira pofewa."

Malamulo awo anali atatu, ndipo sankawalemba paliponse. Kusefa. Kumata pulasitala pabotolo lililonse n'kulembapo tsiku ndi ntchito yake, wa pakhungu kapena wa m'kamwa, chifukwa wa m'kamwa tinkamusungunula kwambiri. Ndipo kutaya wotsala pakatha sabata, poti kutentha kwa kuno kumaumitsa madzi m'botolo, mankhwala n'kumakhwima okha munthu osadziwa. Vuto linali loti anthu sankafuna jivi wosungunuka. Kuno mankhwala amene munthu akuwaona ndi maso ndiwo amawakhulupirira, ndipo jivi akada bii ndiye amati ndi wamphamvu. Ndikukumbuka mayi wina amene anabweza botolo pawindo, nati, "A Famase, mwatipatsa madzi otsukira mbale. Tipatseni weniweni uja." A Bauleni anasuzumira kuchokera kuseri: "Mayi, mukufuna kuchiza mwana kapena kupenta nyumba?" Mzere wonse unaseka, mayiyo anatenga botolo lake akung'ung'udza. Dzina loti a Famase linandimata kuyambira pamenepo mpaka tsiku lopuma.

Chaka chachinayi mpaka chakhumi ndi chimodzi, ku Nsanje

Anandisamutsira ku boma la Nsanje, kumene ndinagwira pansi pa mayi Chikoti, munthu wosaseka amene ankayendera mashelefu ndi chala kufufuza fumbi. Kumeneko ndinaphunzira kuti ntchito yathu theka lake ndi kuuza anthu kuti mankhwala atha. Nisitatini, amene ndi mankhwala oyenera a zoyera za m'kamwa mwa makanda, ankabwera n'kutha sabata isanathe, kenako miyezi n'kumadutsa. Zikatero tinkabwerera kwa jivi. Mayi Chikoti sankamukonda. Ankati amadetsa zofunda, amabisa chilonda moti sungaone ngati chikupola, ndiponso anthu ophunzira akumukayikira kuti angayambitse khansa akamalowa m'thupi kawirikawiri. Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga tizipereka chiyani. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, nati, "Bambo, funso limenelo mukawafunse amene amatitumizira mankhwala. Ine ndingokuuzani kuti akhale wosungunuka, kawiri patsiku, masiku ochepa, ndipo mwana asameze." Kenako anapitiriza kufufuza fumbi.

Ku Nsanje ndi kumene ndinakumana ndi mayi anu, Rosina. Ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera maminibasi. Ndinapititsa malaya anga oyera a kuntchito kuti andisokere thumba, ndipo ataona madontho apepo pamkono anati, "Awa sachoka. Mukafuna ndiwanike onse akhale apepo, muzioneka ngati wa kwaya." Tinakwatirana chaka chotsatira. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, nakhazikika ku Makhanga, ndipo panyumba ankalankhula Chisena. Bambo awo anali atamwalira kale. Mayi awo, agogo anu a Dominga, ankalima mpunga ndi mbatata. Tamanda, iwe unabadwira ku Nsanje. Mayi anu ankandiona kawirikawiri ndikupaka jivi m'kamwa mwa ana a anansi ndi kathonje, ndipo ankadziwa kapakidwe kake bwino lomwe. Zimene sindinawafotokozerepo n'zoti jivi sakhala mmodzi. Ndinkaona ngati zimenezo ndi za kuntchito.

Chaka chakhumi ndi chiwiri, mwezi wa Januwale, ku Makhanga

Pamene anandipempha kupita ku kachipatala kena ka dera la Makhanga ndinavomera msanga, poti mayi anu anali oyembekezera ndipo ankafuna kukhala pafupi ndi mayi awo. Tamanda tinakusiya kwa azakhali ako ku boma chifukwa cha sukulu. Yankho anabadwa kumayambiriro kwa Disembala. Atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, madzi anabwera. Sindilemba zambiri za madziwo, amene anawaona sakonda kuwakamba. Tinathawira pachitunda pamene panali tchalitchi, ine, mayi anu, khanda ndi agogo anu, pamodzi ndi mabanja ena ambiri. Khamu lalikulu linali pasukulu ina, tsidya lina la madzi, ndipo pakati pa malo awiriwa ankayenda ndi mwadiya, bwato lathu losema. M'chipatala ndinapulumutsa katoni imodzi ya mankhwala ndi chitini cha ufa wa jivi. Sikelo, thonje ndi pulasitala zinapita ndi madzi.

Pofika tsiku lachisanu mapazi a anthu anayamba kuola. Munthu akakhala m'matope masiku ambiri, khungu la pakati pa zala limayera, limang'ambika, kenako mafinya. Ankabwera kwa ine akutsimphina, akulu ndi ana omwe. Ndinawiritsa madzi a mvula mumphika wobwereka. Ndinkadziwa kuti supuni yaing'ono imodzi yosadzaza pa lita ndiwo muyeso wake pakasowa sikelo. Ndinathira masupuni atatu odzaza. Zifukwa ndinali nazo: khungu la kuphazi ndi lolimba, anthu akapaka ankabwereranso m'madzi, nkhuni zowiritsira zinali zochepa, ndipo sindinafune kukangana ndi anthu anjala za madzi otsukira mbale. Sindinadikire kuti akhazikike, mzere unali wautali. Sindinasefe. Ndinathira m'timabotolo ta zakumwa timene anthu anatola, popanda cholembapo chilichonse, n'kumangonena pakamwa kuti ndi wa mapazi. Agogo anu analandira lawo. Anathokoza m'Chisena, "Takhuta, apongozi, uyu ndiye jivi," akuliyang'ana ndi chisangalalo poona mmene linadera. Masana omwewo ndinakwera mwadiya kupita kusukulu kuja ndi mankhwala otsala. Ndinati ndibwera madzulo. Madzi anakwera, opalasa anakana kuwoloka, ndipo ndinakhala kumeneko masiku atatu.

Nditabwerera ndinamva kulira kwako ndisanafike pakhonde la tchalitchi, Yankho. Sikunali kulira kwa khanda lanjala, kunali kosasa, kodukaduka. Mayi anu anali atakhala pamphasa atatsamira khoma, bere lili panja, nsonga yake ili yapepo. Ukaliyandikira unkatsegula kamwa, n'kugwira, n'kulisiya pomwepo ukukuwa.

"Bambo a Tamanda, mwana sakuyamwa kuyambira dzulo m'mawa. Anayamba zoyera m'kamwa tsiku limene munachoka. Ndakhala ndikumupaka jivi, koma zikungoipiraipira."

"Kangati?"

"Poyamba kawiri, monga mumachitira. Nditaona kuti sizikusintha, kanayi."

Ndinakutengera pabwalo pamene panali kuwala, n'kukutsegula kamwa ndi chala. Munali mwakuda. Pansi pa utotowo, m'mbali mwa lilime ndi m'kati mwa mlomo wam'munsi, munali zilonda zotseguka. Sizinali za yisiti. Liwombo linali litayamba kulowa. Ndinafunsa botolo, agogo anu analitulutsa pachitenje. Ndinalikweza padzuwa ndipo kuwala sikunadutse. Nditalipendeketsa ndinaona timibulu tobiriwira tikutsetsereka pansi pake.

Apa ndi pamene ndikufuna muwerenge mofatsa. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chinachitika ndi amene anachichititsa. Koma mawu amene anatuluka pakamwa panga anali akuti, "Anakuuzani ndani kuti muzipaka kanayi? Mwamuwotcha mwana." Mayi anu anakulandira, nabwerera pamphasa paja. Agogo anu sanalankhule ndi ine mwachindunji, monga mwa ulemu wa apongozi. Analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza ndithu: "Jivi sanawotchepo munthu. Ili ndi tsempho. Uwafunse amuna akowo kumene amagona masiku atatuwa." Tsempho ndi nthenda imene akulu amati imagwira khanda bambo ake akayenda ndi mkazi wina. Amayi ena m'tchalitchimo anayang'ana pansi.

Ndinaletsa kupaka chilichonse. Ndinati m'kamwa azingopukutamo pang'onopang'ono ndi kansalu konyowa ndi madzi owiritsa, ndipo mkaka aziufinyira m'kapu n'kumakumwetsa ndi supuni. Mankhwala a zilonda zotere kunalibe ena koma kudikira kuti mnofu umere, mwana asanaume. Mkaka wa m'chitini kunalibe, madzi abwino anali ochepa. Moyo wako unali m'kapu imeneyo. Ndinadziuza kuti thewera likapanda kunyowa pofika madzulo a tsiku lotsatira, tikwera mwadiya kulowera kumtunda, ngakhale ndinali nditaona ndi maso anga mmene madziwo ankagubuduzira mitengo yathunthu.

Mayi anu anafinya masana onse. M'kapu munagwa timadontho tosakwana supuni ziwiri. Mabere anali olimba, odzaza, koma mkaka sunkatsika. Phala limene agogo anu anawapatsa linazizira pambali. Ndinawamva akunong'ona m'Chisena, mobwerezabwereza, kuti apha mwana wawo ndi manja awo. Kukoleji tinaphunzira kuti mantha amatseka mkaka. Ndinakhala pakhonde ndikudziwa zimenezo, ndikudziwanso amene anaika manthawo, ndipo ndinalola kuti dzuwa lilowe. Ndinkaopa zambiri. Ndinkaopa maso a mayi anu. Ndinkaopa kuti anthu onse pachitundapo, amene analibe wina womudalira pa za mankhwala, adziwa kuti a Famase awotcha mwana wawo yemwe. Ndinkaopa kalata ya ku boma. Ndikaziyang'ana lero zonsezi n'zazing'ono, koma tsiku limenelo sizinkaoneka choncho.

M'mawa mwake thewera linali louma gwa. Ndinatenga botolo lija, n'kukagwada pamphasa pamaso pa mayi anu ndi agogo anu.

"Mayi a Tamanda, taonani pansi pa botololi. Timibulu iti sitiyenera kukhalamo. Ndinasakaniza ndine. Ndinathira masupuni atatu odzaza pamene pamafunika imodzi, sindinasefe, ndipo sindinalembepo kuti ndi wa mapazi okha. Ngakhale mukanapaka kamodzi patsiku, akanamuwotchabe. Inu munachita zimene mwakhala mukundiona ndikuchita."

Mayi anu analiyang'ana botololo, nandifunsa:

"Dzulo munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munandisiya ndigone nazo."

Agogo anu anakanda m'mutu, nafunsa m'Chisena, atayang'ana kukhoma, "Nkhabe tsempho?"

"Si tsempho, mayi."

"Bola likanakhala tsempho. Lija lili ndi mankhwala ake."

Mayi anu anakoka mbale ya phala la dzulo lija, lozizira, nayamba kudya osandiyang'ana. Atameza kangapo anafunsa kuti mabotolo otere ndinagawa angati. Ndinati sindinawerenge. Anati, "Pachitunda pano makanda alipo asanu ndi awiri. Ndawerenga ine. Nyamukani. Mwanayu ndimuona ndekha, inu mwamuona kale mokwanira."

Ndinayenda banja ndi banja, kenako ndinawoloka kupita kusukulu kuja ndi kuchita chimodzimodzi. Paliponse ndinkanena mawu omwewo, kuti jivi amene ndinakupatsani ndinamulakwitsa, ndi waukali, asalowe m'kamwa mwa mwana kapena pena paliponse pofewa, bweretsani ndimukonze. Ena ankakana nalo botolo, ati uyu ndiye akugwira ntchito. Bambo wina wa mapazi apepo mpaka m'mawondo anakuwa, "A Famase, dzana anali mankhwala, lero wasanduka poizoni? Mawa mutiuza kuti panado ndi mwala!" Anthu anaseka, ine ndinangotambasula dzanja mpaka anandipatsa. Ndinapeza khanda limodzi lokha limene mayi ake anali atalipaka kamodzi m'mawa womwewo. Tinalipukuta msanga, ndipo silinavulale. Jivi yense ndinamuthira mumphika, n'kumusungunula ndi madzi owiritsa mpaka chala chikuoneka kuseri kwa botolo, n'kumusefa pa chidutswa cha malaya anga chimene ndinachiphika kaye. Pakhosi pa botolo lililonse ndinamangapo kachingwe, ndi kunena katatu kuti ndi wa mapazi.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka, ndikuyang'ana kale opalasa amene angavomere ulendo wa kumtunda. Ndinapeza kapu ili ndi mkaka pafupifupi theka, agogo anu atakugwira mutu, mayi anu akudonthetsa ndi supuni pambali pa tsaya, kupewa zilonda. Theka unkameza, theka linkatsikira m'khosi. Zoti mantha amatseka mkaka ndinaziphunzira, koma zoti mkwiyo ungautsegule palibe anandiphunzitsa, ndipo sindinena kuti ndikudziwa chimene chinachitika. Chimene ndikudziwa n'choti dzuwa lisanalowe mayi anu anandiponyera thewera pamiyendo. Linali lonyowa pakati, malo osaposa chikhatho changa. Ulendo wa mwadiya tinausiya.

Masiku atatu otsatira ntchito yanga inali kuwiritsa kapu ndi supuni ndi kuwerenga matewera. Awiri, kenako atatu, kenako atatu okhaokha, zimene zinandidetsa nkhawa tsiku lonse. M'mawa uliwonse ndinkakutsegula kamwa padzuwa. Utoto unkachoka pang'onopang'ono, m'mphepete mwa zilonda munayamba kuoneka mnofu watsopano, koma bere unkalikanabe. Unkaliona n'kutembenuza mutu, ngati ukukumbukira. Ndinkaopa kuti udzazolowera supuni, mkaka n'kuyamba kuuma, thandizo lisanafike. Mayi anu ankandilankhula za ntchito zokha: madzi, kapu, thewera. Usiku ndi usana ankakuyeserabe bere, iwe n'kumakana, iwo n'kumafinya.

Tsiku lachinayi, chakumasana, ndinali pakhonde ndikutsuka chilonda cha munthu wina pamene ndinamva mayi anu akundiitana, motsitsa mawu.

"Bambo a Tamanda. Bwerani mumve."

Ndinalowa manja ali apepo. Unali pabere, maso otseka, chibwano chikuyenda. Ndinagwada n'kutchera khutu, ndipo ndinamva ukumeza. Ndinawerenga mpaka makumi awiri, kenako ndinasiya kuwerenga. Agogo anu anatuluka panja akudzilankhulira. Mayi anu sanandiyang'ane, maso awo anali pa iwe, koma anadzisuntha pang'ono pamphasapo n'kusiya malo okwana munthu mmodzi. Ndinakhala.

Madzi ataphwa ndinalemba zonse ndi dzanja langa n'kukapereka ku boma, ndipo ndinalandira chidzudzulo chimene chinandiyenera. Mayi anu anakhala nafe zaka zisanu ndi zitatu ndi miyezi ingapo kuchokera pamenepo. Tinkakangana monga anthu onse, za sukulu yanu, za denga, za abale anga, koma botolo lija sanalitchulepo ngakhale tsiku limodzi. Tinagwirizana kuti tidzakuuza tili awiri ukadzakula, Yankho. Iwo akanaifotokoza mwachidule kuposa mmene ndachitira ine, ndipo pena pake ukanaseka.